Kuyenda ndi Agalu pa Boti la Matanga Kuchokera ku Norfolk Mpaka ku Miami

Kugombe la kum'mawa kwa dziko la America kuli njira ya pamadzi yotchedwa Atlantic Intracoastal Waterway, imene eni maboti amangoifupikitsa kuti ICW. Njirayi inapangidwa polumikiza mitsinje, madambo, timanyanja ta madzi amchere ndi ngalande zokumbidwa ndi anthu, ndipo mbali yaikulu imadutsa kuseri kwa zilumba za mchenga zimene zimatchinga mafunde a nyanja ya Atlantic. Mtunda wake amayamba kuuwerenga pa mtsinje wa Elizabeth, pakati pa mizinda ya Norfolk ndi Portsmouth m'chigawo cha Virginia, ndipo pofika ku Miami munthu amakhala atayenda mamailosi pafupifupi 1,090, omwe ndi makilomita oposa 1,700. Chaka chilichonse mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, maboti ambirimbiri amatsetsereka chakumwera pothawa chisanu, ndipo pa maboti amenewa sipasowa agalu.

Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi, yakuti mukakhala ndi galu pa boti, ulendo wa tsiku mumaukonza kuyambira kumapeto kwake. Musanakoke nangula m'mawa muzikhala mutadziwa kale malo amene galuyo adzapondepo nthaka dzuwa lisanalowe, ndipo ngati malo otero palibe, muzikhala mutamukonzekeretsa kale kupirira usikuwo. Mtunda umene mudzayende, nthawi yonyamukira ndiponso doko limene mudzaime, zonsezi zimatsatira pambuyo.

Yambani ndi boti ndi nyengo

Yezani zinthu ziwiri pa boti lanu. Choyamba ndi kutalika kwa mlongoti kuchokera pamadzi mpaka kunsonga, kuphatikizapo mlongoti wa wailesi ndi nyali zimene zili pamwamba pake. Milatho yambiri yosatseguka ya m'njirayi inamangidwa mosiya mpata wa mafiti 65, omwe ndi mamita pafupifupi 20, koma mlatho wa Julia Tuttle ku Miami umangosiya mafiti 56, moti maboti a milongoti italiitali amayenera kutulukira kunyanja yaikulu asanafike pamenepo. Chachiwiri ndi kuzama kwa boti pansi pa madzi. Gulu la US Army Corps of Engineers, limene limasamalira njirayi, linapatsidwa muyezo wa mafiti 12 kuchokera ku Norfolk mpaka ku Fort Pierce, koma mchenga ndi matope zimakwirira malo ambiri, makamaka pafupi ndi mathiriro a mitsinje. Boti lozama kupitirira mafiti 6 lidzakuvutitsani, ndipo mudzakhala mukudikira madzi adzaze nthawi imene galu akufuna kutsika.

Nyengo ya anamondwe m'dera limeneli imayamba pa 1 Juni ndi kutha pa 30 Novembala, ndipo makampani ambiri a inshuwalansi salola boti kupita kumwera nyengoyi isanayandikire kumapeto, choncho werengani bwino pangano lanu. Dziwaninso kuti ngakhale boti lili la matanga, nthawi yambiri mudzayendera injini chifukwa njira ndi yopapatiza ndiponso yokhotakhota. Boti loyenda makilomita 10 pa ola limakwanitsa mamailosi 40 kapena 50 patsiku, ndipo mu Novembala kumawala kwa maola pafupifupi 10 okha. Pa maola amenewa chotsanipo ola limodzi la m'mawa ndi lina la madzulo, poti amenewo ndi a galu.

Mapepala ndi mankhwala

Pitani ndi galu kwa dokotala wa ziweto patatsala mwezi kapena kuposerapo kuti munyamuke. Katemera wa chiwewe akhale wosatha mphamvu, ndipo chikalata chake muchisunge m'thumba losalowa madzi, china muchijambule pa foni. Galu akhale ndi kachipangizo kamuzindikiritsa ka microchip pansi pa khungu, komanso kachitsulo pakolala kolembedwa dzina la boti ndi nambala ya foni imene mukuyenda nayo. Adiresi ya kunyumba sithandiza munthu amene watola galu wanu padoko la tauni imene mwangofikamo dzulo.

M'madera a kumwera chakum'mawa kwa America udzudzu umafalitsa nyongolotsi za mumtima, zimene zimapha agalu pang'onopang'ono, ndipo mankhwala oziteteza ayenera kuperekedwa mosadumphitsa. Pemphaninso mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, ndipo mufunse za katemera wa leptospirosis, matenda amene galu amawatenga m'madzi odikha oipitsidwa ndi mkodzo wa nyama zakutchire. Ngati galu wanu amasanza m'galimoto, auzeni adokotala, chifukwa pali mankhwala otchedwa maropitant amene amaletsa kusanza. Musayerekeze kumupatsa ibuprofen wa m'bokosi lanu, poti amawononga m'mimba ndi impso za galu. Mankhwala onse amene galu amamwa nthawi zonse tengani okwanira ulendo wonse.

Amene akufuna kuchoka ndi galu kwathu kuno adziwe kuti kuyambira pa 1 Ogasiti 2024 bungwe la zaumoyo la boma la America lotchedwa CDC limafuna kuti galu aliyense wolowa m'dziko la America akhale wa miyezi yosachepera 6, akhale ndi microchip, ndipo mwini wake alembe fomu ya pa intaneti. Mayiko a Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'gulu la mayiko amene bungweli limawaona kuti chiwewe cha agalu chilipo chambiri, moti zofunika zake ndi zochuluka kuposa pamenepa, ndipo kuzikwaniritsa kumatenga miyezi.

Phunzitsani galu kudzithandiza pa boti

Pa ntchito zonse zokonzekera, iyi ndi imene anthu ambiri amaizengereza, ndipo ndi imenenso imadzawaliza. Galu amene analeredwa bwino anaphunzira ali mwana kuti m'nyumba sakodzamo, ndipo akakwera boti amaliona lonse ngati nyumba. Atha kudzigwira usana ndi usiku, akungoyendayenda, akulira chapansipansi, maso ali kumtunda, inu mukumuchonderera kuti palibe cholakwa. Kudzigwira nthawi yaitali chotero, kukamachitika kawirikawiri, kumabweretsa matenda a chikhodzodzo, makamaka kwa agalu okalamba.

Gulani kapeti ya udzu wapulasitiki, yotalika ngati mita imodzi, ndipo muiboole pangodya n'kumangirirapo chingwe. Maphunziro ayambire kunyumba, kudakali milungu ingapo. Yalani kapetiyo pabwalo, pamalo amene galu amakonda kukodza, ndipo mulole fungo lake limwerere. M'mawa uliwonse mumange galu pachingwe ngati mukupita kokayenda, mupite naye pa kapetiyo, munene mawu amodzimodzi tsiku lililonse, mwachitsanzo "chita", ndipo akangochita mumuyamikire ndi kumupatsa kanyama nthawi yomweyo. Akazolowera, sunthirani kapeti pa simenti, kenako padoko, ndipo pomaliza kutsogolo kwa boti pafupi ndi nangula, kutali ndi pamene amagona ndi kudyera, pakuti galu sadzithandiza pafupi ndi mbale yake.

Pa boti pitirizani mwambo uja osausintha. Mumange pachingwe, muyende naye mozungulira boti lonse ngati mmene mumachitira pamsewu, mufike pa kapeti, munene mawu aja, ndipo muyang'ane kumbali. Akakana, bwererani naye m'kati mopanda kumukalipira, n'kuyesanso pakapita ola. Tsiku limene adzakodze pa boti koyamba, ngakhale ataphonya kapeti, mumuyamikire kwambiri, chifukwa mukamukalipira tsiku limenelo mwafafaniza ntchito ya mwezi wathunthu. Mukakhala ndi agalu awiri, kawirikawiri wamng'ono ndi amene amayamba, ndipo wamkulu amatsatira fungo. Kapetiyo muitsuke poiviika m'madzi ndi chingwe chija, koma chimbudzi chitoleni m'kathumba n'kukataya m'bini pamtunda, pakuti m'madzi amenewa anthu amakololamo nkhono zakudya zotchedwa oyster.

Alipo agalu ena amene sadzavomera ngakhale mutachita zotani. Ngati wanu ndi wotero, zindikirani zimenezi musananyamuke, ndipo mukonze ndalama zogonera m'madoko olipira pa zigawo zimene ndizitchule kutsogoloku.

Konzani boti

Mangani ukonde kuzungulira zingwe zotchinga m'mbali mwa boti, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo mumange bwino m'munsi mwake, poti galu akaterereka amatulukira pansi. Pamalo oterera ndi pa makwerero otsikira m'kati yalani mphira wosaterera, ndipo muwenge zikhadabo zake kuti mapazi azigwira. Makwerero a maboti a matanga amakhala oimirira kwambiri, moti galu wamkulu kapena wokalamba amafunika thabwa lokutidwa ndi kapeti, apo ayi mudzamunyamula kangapo patsiku mpaka msana udzakupwetekeni.

Jekete yoyandamitsa ikhale yomukwana bwino, ya mtundu wowala, yokhala ndi chogwirira cholimba pamsana ndi malamba odutsa pansi pa chifuwa ndi pamimba. Muiyese pomunyamula ndi chogwiriracho pamtunda: akapendekera kutsogolo kapena akamapulumukamo, siyakwana. Mangiriranipo kanyali kothwanima. Boti likamayenda, galu akhale pamalo owongolera, womangidwa pa lamba wa pachifuwa, ndipo chingwe chake chifupike moti sangathe kudutsa m'mbali mwa boti. Musamumange pakolala, chifukwa galu wolendewera kunja kwa boti ndi chingwe cha pakhosi amatsamwa musanamufikire. M'kati mumupezere kangodya kapansi, chapakati pa boti pamene sipagwedezeka kwambiri, ndipo muikepo bulangete lake la kunyumba losachapa.

Galu amamwa mamililita 50 kapena 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wa makilogalamu 25 amafuna lita imodzi ndi theka, ndipo kukatentha amaposa pamenepo. Onjezaninso madzi omutsukira mchere ndi matope. Chakudya chake chisungeni m'zigubu zotseka bwino, poti chinyezi cha m'boti chimachititsa nkhungu msanga, ndipo musasinthe mtundu wake panjira. Mbedza, nyambo, chokoleti, mphesa, anyezi ndi madzi oziziritsira injini zikhale m'makabati otseka. Madzi a injiniwo akakhala a ethylene glycol amatsekemera, galu amawanyambita akadontha, ndipo ochepa chabe amapha.

Zonsezi zikatha, gonani pa boti padoko usiku umodzi kapena uwiri, lizani injini galu ali pambali panu, kenako yendani maulendo a ola limodzi. Galu wochita chizungulire amayasamula pafupipafupi, amanyambita milomo ndi kuchucha dovu. Mukaona zimenezi mumutulutsire kumphepo, ndipo tsiku lotsatira mumudyetse pang'ono, kudakali maola angapo kuti munyamuke.

Werengani mapu ndi maso a galu

Madzulo aliwonse tsegulani mapu n'kusankha malo awiri ogona a tsiku lotsatira, ena apafupi ndi ena akutali, ndipo pa malo aliwonse mufufuze ngati pali potsikira: doko la tauni, malo otsitsira maboti m'madzi, kapena gombe la mchenga lololedwa. Malo okongola a nangula amene alibe potsikira ndi ambiri m'njirayi, ndipo zigawo zina ndi zodziwika.

Mutangochoka ku Norfolk njira imagawikana. Ina imadzera ku Great Bridge ndi ku Coinjock, ndipo ndi yozama, yodzaza ndi maboti othamanga a injini. Ina ndi ngalande ya Dismal Swamp, imene inatsegulidwa mu 1805, yotalika mamailosi 22, yokhala ndi zipata zokwezera ndi kutsitsira maboti ku Deep Creek ndi ku South Mills. Kuya kwake ndi mafiti pafupifupi 6, muli zitsa ndi mitengo yomira, ndipo nthawi zina timasamba toyandama timatseka sefa ya madzi a injini. Komabe ngati boti lanu likukwanamo, kwa munthu wa agalu ine ndimasankha imeneyi. Madzi ake ndi odekha, maboti onse amayenda pang'onopang'ono, ndipo m'mbali mwake muli doko la malo olandirira alendo pamene galu amatsika molunjika pa kapinga. Mukatulukamo mumafika ku Elizabeth City, tauni imene imadziwika ndi kulandira bwino maboti apaulendo. Masiku awiri oyamba otere amathandiza galu kukhulupirira kuti boti limaima ndipo nthaka imapezekanso.

Chotsatira ndi chovuta. Albemarle Sound ndi nyanja yotakata koma yosaya, ndipo mphepo ikakula mafunde ake amakhala afupiafupi, omenya boti mosalekeza. Dikirani tsiku labata, pakuti galu akachita mantha pamenepa amatenga nthawi kuti aiwale. Kutsidya kwake kuli mtsinje wa Alligator, ndipo kumwera kwa mtsinjewu, pamene maboti ambiri amagona asanalowe m'ngalande yopita ku mtsinje wa Pungo, magombe onse ndi dambo la mitengo yomera m'madzi, lopanda poponda. Ngalandeyo ndi yotalika mamailosi oposa 20, ndipo tauni yoyamba ndi Belhaven. Galu atha kukhala tsiku lathunthu ndi usiku osatsika. Ngati sanazolowere kapeti, gonani padoko lolipira la pafupi ndi mlatho wa mtsinjewu, mumuyendetse m'bandakucha, ndipo muyende osaima mpaka ku Belhaven.

Kumwera kwa Beaufort ya ku North Carolina njira imadutsa m'dera la asilikali la Camp Lejeune. Pa Mile Hammock Bay, pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 244 kuchokera ku Norfolk, pali malo abata amene maboti ambiri amaponyapo nangula, koma kutsika pamtunda n'koletsedwa kotheratu, ngakhale kwa mphindi zisanu ndi galu pachingwe. Nthawi zina asilikali amatsekanso njirayo akamayeserera kuwombera, ndipo phokoso la mizinga limanjenjemeretsa agalu ambiri, choncho mumulowetse m'kati.

Chigawo cha Georgia, kuchokera pa mtsinje wa Savannah mpaka pa mtsinje wa St. Marys, ndi mamailosi pafupifupi 140 a madambo a udzu ndi mitsinje yokhotakhota, ndipo matauni ake ndi otalikirana. Kumapeto kwake kuli chilumba cha Cumberland, chimene chili ndi nkhalango ndi gombe lalitali loyendamo momasuka. Agalu amaloledwa ali pachingwe chosapitirira mafiti 6, ndipo lamuloli lili ndi chifukwa chake, poti pachilumbapo pali mahatchi akutchire amene amaponda akaopsezedwa. Mahatchi otere alinso pa zilumba zoyang'anizana ndi Beaufort. Zilumba zina ndi malo otetezedwa a mbalame ndi akamba a m'nyanja, kumene agalu saloledwa n'komwe, ndipo chikwangwani mukachiona muchilemekeze ngakhale galu akulira.

Kutsika pagombe

Amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi ayenera kuphunzira chinthu chimodzi chatsopano pano. M'malo ambiri a m'njirayi madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku, ndipo ku Georgia ndi kumwera kwa South Carolina kusiyana kwake kumafika mamita awiri kapena kuposerapo. Gombe limene munaliona masana litha kukhala litamira madzulo, ndipo pamene munasiya kaboti kopitira kumtunda kakuyandama mutha kukapeza katakhala pamatope patali ndi madzi. Yang'anani ndandanda ya madzi musanatsitse kaboti. Madzi akamadzaza, kokerani kaboti pamtunda ndi kuponya kanangula kake pamwamba pagombe. Akamaphwa, kasiyeni chakuya pa chingwe chachitali, ndipo musachedwe. Nangula wa boti lalikulu mumupatse unyolo wotalika kasanu mpaka kasanu ndi kawiri kuya kwa madzi atadzaza, chifukwa madzi amatembenuka pakapita maola pafupifupi 6 aliwonse ndipo boti limazungulira nawo inu muli kumtunda.

Phunzitsani galu mawu awiri, "dikira" ndi "tsika", ndipo asatuluke m'kaboti musanamuuze. Ndikunena zimenezi chifukwa ndinaziona ndi maso. Madzulo ena ku South Carolina, madzi ataphwa, tinayandikira kagombe kooneka koyera ngati mchenga, ndipo galu wathu wamkulu, amene anali atadzigwira kuyambira m'mawa, analumpha kaboti kasanaime. Choyeracho chinali mulu wa zigoba za oyster, zakuthwa ngati lezala. Anayenda mapazi atatu okha n'kuima, mwendo wakutsogolo ali m'mwamba, magazi akudontha pa zigobazo. Ndinamunyamula pachifuwa, matope akuda onunkha akundifika m'mawondo, ndipo m'boti tinatsuka bala ndi madzi abwino ambiri, tinalipanikiza ndi nsalu mpaka magazi analeka, tinalimanga ndi bandeji n'kuvekapo sokosi. M'mawa mwake tinasiya zonse zimene tinakonza n'kupita kutauni kukafuna dokotala, pakuti bala la zigoba zimenezi limalowa tizilombo msanga. Kuyambira tsikulo ndimayamba ine kutsika, nditavala nsapato, ndipo ndimaponda pansi kaye ndisanamuitane. Nsapato za agalu zimathandiza ngati anazizolowera kale.

Kuyambira ku North Carolina kupita kumwera m'madzi muli ng'ona za mtundu wa alligator, ndipo zimachuluka m'mitsinje ya madzi opanda mchere wambiri ngati Waccamaw, komanso ku Georgia ndi ku Florida. Nthawi zambiri zimathawa munthu, koma galu zimamuona ngati nyama yakudya. Aliyense amene anakhalapo m'mbali mwa mtsinje wa Shire akudziwa kuti chiweto sachisiya pamphepete pa madzi chisisira kapena m'bandakucha, ndipo nzeru imeneyi imagwiranso ntchito kuno. Vuto ndi lakuti nthawi zimenezi ndi zomwe galu wa pa boti amatsika. Choncho mukangotsika, pitani naye kumtunda kutali ndi madzi, ali pachingwe chachifupi, ndipo m'mitsinje yotere musamulole kusambira kapena kulendewetsa mutu kunja kwa kaboti.

Tengani botolo la madzi akumwa paulendo uliwonse wa kumtunda ndipo mumumwetse asanamve ludzu, chifukwa galu waludzu amamwa madzi amchere, kenako amasanza ndi kutsegula m'mimba usiku wonse. Musamulole kununkhiza nsomba zakufa. Pobwerera mumutsuke mapazi ndi pamimba, muyang'ane pakati pa zala ngati muli minga ya udzu wa mumchenga, mupapase makutu ndi m'khwapa kufuna nkhupakupa, ndipo muumitse m'makutu. Ngati mukubwerera kutada, kaboti kakhale ndi nyali, inunso muvale jekete yanu, ndipo nyali ya nangula ya boti lalikulu muisiye yoyaka musanachoke.

Milatho, zipata ndi maboti othamanga

Mukamapita kumwera, zizindikiro zofiira zizikhala kudzanja lamanja ndipo zobiriwira kumanzere. Pamene njirayi ikukumana ndi njira za zombo mitunduyi itha kusinthana, choncho tsatirani timazizindikiro tachikasu topakidwa pa izo: ka ngodya zitatu kakhale kumanja, ka ngodya zinayi kumanzere. Milatho yotseguka mumaiitana pa wailesi ya VHF, pa tchanelo 13 ku Virginia ndi ku North Carolina, ndi pa tchanelo 9 kuyambira ku South Carolina mpaka ku Florida, ndipo yambiri imatseguka pa nthawi zoikika zokha.

Pa nthawi zimenezi maso anu onse amafunika pa chiwongolero, choncho galu atsekeredwe m'kati kapena amangidwe pafupi musanafike. Mlatho umaliza hutala, zitsulo zimalira pamwamba, maboti angapo amazungulira pamalo opapatiza, ndipo galu womasuka amathamangira kutsogolo akuuwa n'kukodwa m'zingwe. Chimodzimodzinso pokocheza padoko: agalu ambiri amagwera m'madzi polumpha boti lisanamangidwe, ndipo pakati pa boti ndi doko ndi pamalo oopsa kwambiri. Boti lalikulu la injini likamabwera kumbuyo, lankhulani nalo pa wailesi, chepetsani liwiro kuti nalonso lithe kudutsa pang'onopang'ono, ndipo dzanja limodzi likhale pa chogwirira cha jekete ya galu mpaka mafunde atadutsa.

Galu akagwera m'madzi

Yeserani zimenezi tsiku labata, pamadzi oyera opanda ng'ona, musanazifune. Munthu mmodzi aloze galu ndi chala osachotsapo maso, winayo atembenuze boti n'kuyandikira pang'onopang'ono. Mukamufikira, chotsani giya kuti chopalasira cha injini chisazungulire, kolani chogwirira cha jekete ndi ndodo ya ngowe, ndipo mumukokere kumbuyo kapena m'kaboti, kumene n'kufupi ndi madzi. Galu wa makilogalamu 30 atanyowa simungamukweze ndi manja m'mbali mwa boti la matanga, koma chingwe chokwezera thanga, chomangidwa pa chogwiriracho ndi kupukusidwa pa winchi, chipangizo chokokera zingwe, chimamukweza mosavuta. Musadumphire m'madzi kumutsatira. Galu wamantha amakwera pa munthu ndi zikhadabo, ndipo wotsala pa boti amakhala ndi awiri oti awapulumutse m'madzi othamanga. Mu Novembala madzi a ku Virginia ndi ku North Carolina amakhala ozizira, choncho akangokwera mumupukute ndi kumufunditsa m'kati.

Mukafika ku Florida

Kuyambira ku Fernandina Beach zinthu zimapepuka, chifukwa matauni ndi oyandikana, ndipo ku St. Augustine ndi ku Vero Beach kuli malo omangirira maboti pamadzi okhala ndi doko la timaboti. Mdani watsopano ndi kutentha. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa ndi kupuma mwawefuwefu, ndipo m'kati mwa boti lotseka mumatentha ngati m'galimoto yosiyidwa padzuwa. Mangani chinsalu cha mthunzi pamalo owongolera, ndipo musanamuyendetse ikani kuseri kwa dzanja lanu pa matabwa a doko kapena pa phula: inu mukalephera kupirira, mapazi akenso apsa. Mukamusiya yekha kuti mukagule zinthu, tsegulani mawindo onse, yatsani fani, siyani mbale ziwiri za madzi, ndipo muuze a boti loyandikana nalo nthawi imene mubwerere. Mukapeza akupuma movutikira, nkhama zitafiira kwambiri, akudzandira, mumuthire madzi ozizirira pathupi lonse, mumuike pamphepo, ndipo muthamangire naye kwa dokotala ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka.

Kumwera kwa Florida kuli achule akuluakulu otchedwa cane toad, amene amatuluka usiku ndiponso mvula ikagwa, ndipo poizoni wa pakhungu lawo atha kupha galu amene wawaluma. Yendani ndi tochi. Akaluma mmodzi, pukutani nkhama ndi lilime ndi nsalu yonyowa mobwerezabwereza, mutu wake utaloza pansi kuti asameze, muli m'njira yopita kuchipatala. Mbewu yokongoletsera ya sago palm, imene imadzalidwa kwambiri m'mabwalo a nyumba ndi m'madoko a kumwera konseku, ilinso ndi poizoni woononga chiwindi, makamaka njere zake.

Ngati kuchokera ku Miami mukufuna kuwolokera ku Bahamas, pemphani chilolezo cholowetsera galu ku boma la dzikolo kudakali milungu ingapo, ndipo mufunse kuti chikalata cha dokotala chiyenera kulembedwa patatsala masiku angati kuti mufike, chifukwa tsiku lowoloka limadalira mphepo ndipo chikalata chitha kutha mphamvu mukudikira nyengo. Pobwerera ku America mudzafunikanso fomu ya CDC ija. Kuchokera ku Miami kukafika ku Bimini ndi mamailosi pafupifupi 50 a nyanja yaikulu, ndipo mukafika, galu satsika mpaka akuluakulu a za kasitomu atamaliza kuona mapepala a boti lonse, choncho kapeti ija ikhale itayalidwa pamalo pake kuyambira usiku wonyamukira.